Tsiku Lamene Banagawana Maramu a Batate Bako

Lemba bwino, usafulumile. Nkhani iyi ni yako, ngakhale unali kamwana ka giledi yoyamba ndipo sukumbukila kanthu. Bamayi bako sibakonda kuikamba, ndiye nizakamba ine. Ni nkhani ya kompyuta yakuda ija ili pa kona, yamene umaikapo kapu ya tiyi ine nikakalipa.

Nthawi ija tinali kukhala tonse ku Mtendere, kuseli kwa msika, mu nyumba ya lendi. Ine ninabwela kukhala na bamayi bako pamene bambuya bako bamuna banamwalila. Batate bako banali bapongozi banga, ndiye sitinali kukhala pa mpando umodzi kapena kuyang'anana m'maso. Makolo anga banachoka nawo ku Malawi mwambo uyo, ine ninaugwila. Koma nyumba za mu komboni uzidziwa, chitseko ni katani chabe. Vonse vamene batate bako banali kukamba na bamayi bako vinali kunipeza pa mphasa yanga nikusankha nyemba.

Mkati mwa sabata batate bako banali kunyamula katundu mu weyahausi ku mafakitale. Pa Chiwelu banali kujambula mavidiyo a maukwati. Ku kicheni pate, phwando la bazimayi lolangiza mkwatibwi, bamuna sibalowa, ndiye kumeneko kamela banali kupatsa bamayi bako, ndiye mwamene bamayi bako banaphunzilila kujambula na kudula mavidiyo. Vuto inali kompyuta yawo yakale. Vidiyo imodzi inali kuphika kuyambila m'mawa mpaka zuwa kulowa, banthu bakubwela kufunsa, mkwatibwi mpaka mimba yaoneka vidiyo ikalibe kutuluka.

Tsiku lina ninamva kuseli kwa katani kuti bazamanga kompyuta yatsopano. Kumanga. Ine ninaima na nyemba m'manja. Ninali kudziwa kuti munthu amamanga nyumba, amapanga mbaula, koma kompyuta ninali kuganiza kuti imabadwa yathunthu ku fakitale.

Chamene chinanidabwitsa maningi ni ichi. Banati mutu wa kompyuta, wamene bamaitana pulosesa, uja wothamanga kwambili sibangakwanitse. Bazagula wapakati, ndiye bazaukakamiza kuthamanga kupyola pamene beni bake banaupimila. Ati ni ovakiloko. Bamene banapanga chinthu bakamba kuti chiziyenda motele, iwe wa mu Mtendere ukuti iyayi, chithamange. Ninauza bamayi bako kuti uza bamuna bako, nyumba iyi si yathu, ikapsa tizayenda kuti? Banaseka chabe.

Nkhani yonse inali pa chimbale chamene vonse vimakhalapo, mazabodi. Miyezi inapita bakusankha mazabodi. Banati yotchipa siilola n'komwe kuthamangitsa. Ina imalola, koma tunthu tung'ono tomwe tumadyetsa pulosesa malaiti, magetsi aja, tumatentha mpaka kupsa. Ndiye banali kufuna yokhala na tunsimbi twa manomano pamwamba pa tunthu uto tochotsa kutentha, komanso yokhala na mipata inayi yoikamo ramu. Ramu banati ni pamene kompyuta imagwilila vinthu pamene ikusewenza, monga tebulo ya telala. Ikachepa, nsalu igwa pansi.

Banali kukwela minibasi kuyenda mu tauni, kubwela manja chabe. Ina banaibweletsa kuti baione bwino. Banatuma bamayi bako kuti banibweleke magalasi anga otungila singano. Banayang'ana, banayang'ana, mpaka banapeza kasingano kamodzi kopindika pamene pamakhala pulosesa, kang'ono kuposa nsidze. Banaibweza tsiku lomwelo. Pothela pake yoyenela inabwela pa basi na mzimayi wina wamene anali kuoda katundu ku Joni.

Pamene banaitsegula pa tebulo, ine ninasuzumila pa katani. Miyezi yonse ija, kuyenda konse kuja, chinthu chake chinali chaphanthiphanthi monga thileyi yopelekela tiyi. Banatuma mawu kuti bamayi basapukutepo fumbi. Beve bakafuna kuigwila banali kuyamba bagwila nsimbi ya pa windo, ati munthu amakhala na malaiti m'thupi angaiphe. Ine zaka zonse izi sininadziwe kuti niyenda na malaiti.

Maramu anabwela anayi mu paketi imodzi, ooneka monga vipeso, mano ake agolide. Banauza bamayi bako kuti anayi awa anayesedwa pamodzi kumene anachoka, ndiye amamvana.

Banamanga, inayaka. Ine ninati basi vatha. Ayi. Manje ndiye panayamba kukakamiza kuja. Banali kulowa pa sikilini ina yodzala manambala, kukweza pang'ono, kuisiya iziyesa yokha tsiku lonse, mafani akulila monga chigayo cha kutali, mayuniti a malaiti akutha. Ikagwa, kubweza pansi pang'ono. Ikalimba, kukwezanso. Masabata ambili banachita ivo pa Sondo bakachoka ku tchalitchi. Pamene banatsiliza, vidiyo yamene inali kudya tsiku lonse inali kutha vovala vikalibe kuuma pa waya. Batate bako banaitana bamayi bako kuti baone, bakuseka monga kamwana. Ine naine ninaseka kuseli kwa katani.

Banasewenza nayo chaka chimodzi chabe. Nthawi ya mphepo banadwala chibayo, tinathamanga nawo ku chipatala, sibanabwele. Lemba ivo chabe, vambili apo sinifuna.

Titaika malilo, babululu bawo banakhala pansi kugawa katundu. Batate bako banali Bangoni ba ku Chipata, banalowola bamayi bako. Kwathu ku Uchewa mwana ni wa kuchikazi, koma kwawo mwana ni wa kuchimuna. Wokamba anali mkulu wawo wa batate bako, batate bako bakulu baja boyendetsa minibasi ku Mandevu. Vovala banaunjika pa mphasa pabwalo, aliyense kutengako kanthu kokumbukila, uyu jekete, uyu nsapato, uyu lamba. Uyo ni mwambo, sininadabwe.

Kenaka banakamba va iwe. Banati mwana ni wawo, ndipo mzimayi wopanda nchito sangakwanitse kumudyetsa na kumuphunzitsa mu Lusaka. Masukulu akatseka mu Disemba bazabwela kukutenga, ukakhale kumunzi na bambuya bako bakuchimuna. Iwe unali pamenepo, ukusewela na tutsekelo twa mabotolo pafupi na mapazi anga. Bamayi bako banagwada, banati nchito bali nayo, ni mavidiyo, babasiyile chabe kamela na kompyuta. Bakulubakulu banang'ung'udza pang'ono, banati chabwino, Disemba bazaona ngati nchito iyo ni yoona. Kamela banasiya. Koma kompyuta banati ni chinthu chachikulu cha malemu, sichingayende mbali imodzi chonse.

Batate bako bakulu banatuma munthu kukatenga sikuludilaiva mu minibasi. Banaika kompyuta pa mpando pabwalo, pa fumbi, banatsegula m'mbali. Ine ninagwila pakamwa. Chinthu chamene mwini wake sanali kugwila asanagwile nsimbi ya pa windo, beve banalowetsamo manja a gilizi, kugwedeza ichi, kugwedeza icho, kufuna chamene chingachoke. Banaona maramu aja ali pa mzele. Banadinikiza tumakiyi twa m'mbali, awili anatuluka.

"Alipo anayi," banati. "Awili anu balamu, awili athu. Nalakwa apa?"

Bakulubakulu banaomba m'manja pang'onopang'ono. Banati uyu ni munthu wachilungamo, bena bakanatenga na masupuni omwe. Bamayi bako banangoyang'ana pansi. Ine ninafuna kukamba, koma mayi wa mfedwa alibe pakamwa pa bwalo lija.

Manje panali vidiyo imodzi yamene batate bako banajambula basanadwale, ukwati wa mwana wa mzimayi wina wamkulu mu gulu la bazimayi ku tchalitchi kwathu. Mzimayi uyo akakamba kuti nchito yako ni yabwino, Mtendere yonse ikubwela kwa iwe. Akakamba kuti ni yoipa, gulitsa kamela. Anadikila nthawi ya malilo mwaulemu. Koma pamene kutentha kunayamba, anayamba kupitila pa nyumba, kupeleka moni wautali, maso ali pa kona.

Bamayi bako banayatsa kompyuta. Inayaka, koma bakatsegula vidiyo ya ukwati ija, inali kukamba kuti malo achepa, n'kutseka. Ndiye banayenda mu tauni, banagula maramu ena awili. Banaonetsetsa kuti kukula kwake n'chimodzimodzi na otsala aja. Mtundu chabe ndiwo unasiyana, aja anali akuda, awa obiliwila.

Banaika, inayaka, vidiyo inatseguka. Tinakondwa. Banadula bwinobwino, banaika nyimbo, banaisiya kuti iphike. Ili pakati, sikilini inasanduka buluu yonse, kompyuta n'kuzima n'kuyakanso yokha. Banayambanso. Buluu. Tsiku lina inafika kumapeto, tinakhala pansi kuonelela. Pamene mkwatibwi alowa mu tchalitchi, nkhope yake inasweka tumabokosi tobiliwila, pakamwa kuli uku, diso kuli uko. Ine ninaimilila, ninatuluka panja. Sininaonepo chinthu choopsa motelo pa nkhope ya mwana wa munthu.

Mu komboni nkhani siigona. Banthu banayamba kukamba kuti malemu bakana, sibafuna kuti mkazi asewenze na vinthu vawo. Bena ati ni chifukwa katundu anagawidwa moipa. Sinizakunamiza, naine ninaopa. Neba wathu wina wa mapemphelo anabwela na botolo ya madzi opemphelela. Ine ninali kutsuka mbale, ninamva bamayi bako bakamba mwamphamvu mkati. Ninapeza bagwila dzanja la mzimayi uja m'mwamba, botolo yotsegula ili pamwamba pa kompyuta, dontho likulendewela. Banamuuza kuti apemphele ali pa khomo, madzi amwe yekha. Sanatipatsenso moni mpaka Khisimasi.

Bamayi bako banati mzimu wa bamuna bawo sungaononge nkhope ya mkwatibwi wamene banamujambula okha. Banayamba kufufuza pa foni. Banapeza kapulogilamu koyesa ramu, kamene kamalemba mizele yofiila ngati pali cholakwika. Banayatsa, pasanapite nthawi sikilini inafiila monga munthu watemedwa. Banachotsa onse, banatenga labala mu chola chako cha sukulu, kupukuta mano agolide aja. Unalila tsiku lija chifukwa labala inali yatsopano. Banabweza, mizele yofiila. Ndiye banayamba kuyesa padelapadela. Akuda awili okha, tsiku lonse, palibe chofiila. Obiliwila okha, kufiila.

Banawabweza ku shopu kuti ni oola. Mwini shopu anawaika mu kompyuta yake pamaso pawo, anayesa, palibe cholakwika. Anafunsa kuti mazabodi yanu ni yabwanji, kodi pali munthu anaikweza? Bamayi bako banati inde, bamuna banga. Ndiye anabauza kuti mazabodi imasunga manambala amene munthu anaika, ngakhale munthuyo kulibe. Ikali kulamula maramu onse kuthamanga liwilo lija la anayi akale. Akuda akwanitsa, obiliwila sangakwanitse, akupunthwa na kugwetsa vinthu. Anati njila ni ziwili. Kupeza aja awili anachoka, kapena kuchotsa kabatile kozungulila kali pa mazabodi, kuti iiwale vonse vamene malemu banaika, ibwelele mwamene inabadwila.

Bamayi bako banabwela banakhala pa bedi, nsapato ku mapazi. Banati manambala aja sibawadziwa, ni ambili, bakafafaniza sibangawabwezenso. Banati jekete yapita, nsapato zapita, chamene chatsala cha manja a bamuna bawo ni chija chili mkati muja. M'mawa mwake ninavala chitenge changa cha ku tchalitchi, ninakwela minibasi ziwili mpaka ku Mandevu.

Udziwe kuti chinthu chikagawidwa pa malilo sichipemphedwanso. Ni manyazi aakulu, makamaka kwa mpongozi wachikazi. Njila yonse ninali kukonza mawu. Ninali kuganiza kuti mwina banagulitsa kale, nizafunsa chabe kumene banagulitsa.

Ninabapeza pa siteshoni, minibasi ili pa mzele kudikila kudzala. Banadabwa kuniona, banatsika, banavula kapusi, bananipatsa mpando wa mzimayi wogulitsa vitumbuwa. Ninakamba nili kuyang'ana kumbali. Ninati bapongozi, tunthu tuja munatenga, ngati tukalipo, mwana wanga avutika.

Banati tulipo, bangagulitse bwanji chinthu cha mng'ono wawo. Mtima wanga unatsika. Banapisa m'thumba, banatulutsa makiyi a minibasi. Ramu inali pamenepo, ikulendewela pakati pa makiyi. Banaiboola na dililo pakati penipeni, banalowetsa waya. Mano agolide aja anali atafufutika na thukuta.

"Niyenda naye tsiku lililonse," banati. "Nikaliza injini nimamugwila."

Ninayang'ana chibowo chija, ninaona kuwala kwa zuwa kupyola mkati. Ninafunsa va inzake. Banati banapeleka kumunzi kwa bamayi bawo, banaikhoma na msomali pa chipupa pansi pa chithunzi cha malemu.

Ninabwela nakonzeka kukangana na wakuba, ninapeza munthu alila mng'ono wake. Sininakalipe. Banafunsa kuti kodi n'tofunika maningi tunthu utu, si tonse n'tofanana? Ninati tunali tofunika. Bananikweza minibasi ya mnzawo, banauza kondakita kuti asanilipilitse.

Nitafika ninauza bamayi bako vonse. Banaseka kaye, kuseka koipa kuja, kenaka misozi. Bakatsiliza banasamba kumaso, banazima kompyuta ku chipupa, banagwila nsimbi ya pa windo, banatsegula m'mbali. Kabatile kaja n'kang'ono monga batani ya jasi. Banakatulutsa na chikhadabo, banakaika pa tebulo. Banakasiya pamenepo kanthawi kuti mazabodi iiwale. Kenaka banakabweza. Maramu banaika monga mwini shopu anakambila, akuda mu mipata yolumphana, obiliwila mu yotsalayo.

Inayaka mwakachetechete. Mafani aja olila monga chigayo anangoti phee. Bamayi bako banati imveka monga nyumba ya beni. Banayatsa koyesa kaja, tsiku lonse, palibe mzele wofiila ngakhale umodzi.

Koma liwilo linapita. Vidiyo ya ukwati inabwelela kuphika nthawi yaitali, ndipo nthawi ija malaiti anali kupita masana. Kawili konse anapita ili pafupi kutha, kuyambanso poyamba. Bamayi bako banayamba kufunsa baneba ba mbali zonse kuti malaiti apita liti sabata ino, kuti bayambe akangobwela. Ine nchito yanga inali kukhala pa khomo kuletsa aliyense kulumikiza ayiloni kapena stovu, ngakhale balandilodi. Tsiku lamene inatha tinaonelela yonse, ine maso pa nkhope ya mkwatibwi. Analowa mu tchalitchi wathunthu, anatuluka wathunthu.

Mayi wa mkwatibwi anaonelela na bazimayi banzake ku nyumba kwake. Sabata yomweyo kunabwela kicheni pate, kenaka ina ku Kalingalinga, kenaka ukwati. Bamayi bako pang'onopang'ono banaphunzila kulowa okha pa sikilini ya manambala ija. Banakweza pulosesa pang'ono, maramu banawasiya pa liwilo lamene obiliwila akwanitsa. Siinafike pa batate bako, koma inaleka kugwa.

Masukulu anatseka. Pa Sondo masana tinamva minibasi yaima pa msewu. Batate bako bakulu banalowa, banakhala. Chola chako sininalongedze, ninali nitakutuma kwa baneba. Banafunsa va nchito. Bamayi bako banabaonetsa mavidiyo amene banatsiliza na amene akudikila. Beve banangogwedeza mutu, nkhope siinasinthe.

Kenaka banafunsa ngati pali vamene malemu banajambula okha. Bamayi bako banatsegula ya ukwati ija, yosadula, mwamene inachokela mu kamela. Munthu wojambula saoneka, koma amamveka. Pa khomo la tchalitchi mzimayi wina wa duku yaikulu anaima kutsogolo, ndiye mawu a batate bako anatuluka mu sipika, pafupi monga bali mu nyumba.

"Bamayi, sendelankoni pang'ono, mwanitsekela mkwatibwi."

Batate bako bakulu banagwila tebulo. Banati bwezani. Bamayi bako banabweza. Banati bwezaninso. Banayang'ana bokosi yakuda ija, kenaka banafunsa motsitsa mawu ngati mawu aya anali mkati umu tsiku lija banatsegula na sikuludilaiva pabwalo. Bamayi bako banati inde. Banapukuta kumaso na kapusi. Banapempha kuti babaikile pa disiki, bakamvetse bamayi bawo kumunzi.

Va iwe banakamba bali kale pa khomo. Banati mwana apitilize sukulu kuno, koma Khisimasi akadye kumunzi, bambuya bake bamuone. Bamayi bako banavomela. Ine sininakondwe, ninati bakamutenga ndiye bamutenga. Unakwela minibasi na kachola kako, ukutibayibitsa pa windo, sunadziwe kanthu.

Kutatsala pang'ono kuti masukulu atsegule, ninayamba kukhala pa msewu pafupi na bogulitsa malasha, kuyang'ana minibasi iliyonse. Unatsika pa Chisanu masana, wakuda bii na zuwa, milomo yachikasu na mango, m'manja nkhuku yamoyo yamene bambuya bako bakumunzi banatuma kwa bamayi bako. Sunanipatse na moni, unangofunsa ngati yunifomu yako yachapidwa.